Phala Lopanda Nsinjiro Silikulitsa Mwana

Nyengo ya masika ikafika, m'midzi ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi mumaoneka masikelo a mitundu iwiri. Sikelo yoyamba ndi ya ogula mbeu, imene imapacikidwa pa mtengo m'mbali mwa mseu, ndipo pa iyo amakolekapo matumba a nsawawa, nyemba ndi soya. Yaciwiri ndi ya anamwino, imene imapacikidwa pa khonde la kiliniki kapena pansi pa mtengo wa mango, ndipo pa iyo amakolekapo mwana. Comvetsa cisoni ncakuti m'mabanja ambiri sikelo yoyamba ikamalemera, yaciwiri imapepuka. Matumba onse amapita, ndalama zimalowa m'thumba mwa atate, koma mwana wa caka cimodzi amatsala ndi phala la ufa woyera, madzi ndi mcere.

Matumba aja amatsika ndi mseu wa Great East kufika ku Lusaka, ndipo ena amapitirira kumpoto kukafika m'misika ya m'matauni monga wa Kasanda ku Kabwe. Kumeneko nsawawa zimagulitsidwa pa meda ndi pa timilu, pa mtengo umene mai wodalira maganyu amauona wokwera, kotero kuti iye amangogula pamela wa ufa nabwerera kunyumba. Motero ana awiri, wina wa kumudzi kumene nsawawa zinalimidwa ndi wina wa ku komboni kumene zagulitsidwa, amagona atadya phala lofanana, lopanda kanthu komanga thupi.

Bvuto lagona pa kuganiza kuti mwana amene wakhuta ndiye kuti wadya. Kukhuta ndi kukula ndi zinthu ziwiri zosiyana. Nsima ndi phala zimadzaza mimba ndi kupatsa mphamvu, koma minofu, magazi, khungu, tsitsi ndi ubongo wa mwana zimamangidwa ndi zakudya zomanga thupi, zimene ophunzira amazicha mapuloteni. Mwana wosakwana zaka ziwiri ayenera kulandira zakudya zimenezi tsiku ndi tsiku, osati pa Khrisimasi pokha kapena tsiku limene kwabwera mlendo.

Kafukufuku wa Boma wochedwa Zambia Demographic and Health Survey anapeza m'caka ca 2018 kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndiko kunena kuti afupi msinkhu poyerekeza ndi zaka zao. Anapezanso kuti mwa ana a miyezi 6 kufikira 23, ana 13 okha mwa 100 ndiwo anali kudyetsedwa zakudya za mitundu yokwanira ndi pa nthawi zokwanira. Ciwerengero ca opinimbira catsika kucokera pa 40 m'caka ca 2014 kufika pa 32 m'caka ca 2024, ndipo ici ncoyamikika. Komabe dziko limene mwana mmodzi mwa atatu alionse sakula bwino silinafike popumula.

Nthenda ya mwana wolandidwa bere

Matenda otupitsa ana si acilendo ai. M'caka ca 1933 dotolo wina wamkazi, Cicely Williams, amene anali kugwira nchito ku Accra m'dziko limene tsopano lichedwa Ghana, analemba za ana amene anali kufika ku cipatala atatupa miyendo, khungu likusupuka, tsitsi litafiira. Iye anaona kuti ambiri mwa iwo anali atasiyitsidwa bere ndi kuyamba kudyetsedwa phala la cimanga lokha. M'caka ca 1935 anafalitsa dzina limene anthu a mtundu wa Ga anali kuchulira matendawa kuyambira kale, lakuti kwashiorkor, kutanthauza nthenda imene imagwira mwana akalandidwa bere ndi mng'ono wace. Nchembere za ku Ghana zinali zitaona kale nthawi imene ngozi imabwera: pamene mkaka wa mai watha, ndipo palibe cina colowa m'malo mwace.

Kwa zaka zambiri madotolo anakhulupirira kuti kusowa kwa mapuloteni kokha ndiko kumabweretsa kwashiorkor. Lero kwadziwika kuti nkhaniyi njotakata. Mwana wotupa amakhala atasowa zinthu zambiri pamodzi: zomanga thupi, mafuta, mavitamini, aironi ndi zinki, ndipo kawirikawiri amakhala atangodwala cikuku, malungo kapena kutsegula m'mimba. Ku Malawi ofufuza anatsata magulu 317 a ana amapasa, ndipo zotsatira zimene anafalitsa m'caka ca 2013 zinaonetsa kuti nthawi zambiri wina mwa mapasa amadwala matenda a kusowa zakudya mnzace ali bwino, ngakhale akulira m'nyumba imodzi, ndi kuti tizilombo tokhala m'matumbo tili ndi mbali yace pa nthendayi. Koma njira yopewera sinasinthe. Zakudya zomwe zili ndi mapuloteni ambiri, monga nsomba, mazira, mkaka, nyemba ndi nsawawa, ndizo zomwenso zimanyamula mafuta, aironi, zinki ndi mavitamini amene phala loyera lilibe. Wopatsa mwana kapenta wampatsa zinthu zambiri m'supuni imodzi.

Zimene zili m'nkhokwe

Cimanga si mdani wa mwana, koma pacokha sicikwanira. M'magalamu 100 a cimanga muli magalamu 9 kapena 10 a zomanga thupi, ndipo zimenezi nzoperewera pa tizigawo tiwiri tochedwa lysine ndi tryptophan, timene thupi silingathe kudzipangira lokha. Kuonjezera apo, cimanga cikakonoledwa, kubviikidwa ndi kusinjidwa kukhala ufa woyera, kamtima kace ndi gaga, mmene muli mafuta ndi mavitamini, zimapita kwa nkhuku ndi nkhumba. Ncifukwa cace ufa wa mgaiwa, kapena wa rola wa m'masitolo, ngwabwino kwa mwana kuposa ufa woyera. Cinangwa ndico cosauka koposa, pakuti m'magalamu 100 muli galamu imodzi kapena awiri cabe.

Zakudya zina za m'munda womwewo nzolemera kwambiri. M'magalamu 100 a nsawawa muli magalamu 25 a zomanga thupi, ndipo pafupifupi theka la nsawawa ndi mafuta. Nyemba ndi khobwe zimapitirira magalamu 20, soya amapitirira 35, ndipo kapenta wouma amapitirira theka la kulemera kwace. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Mwana wa caka cimodzi kufikira zitatu afuna pafupifupi magalamu 13 pa tsiku. Ciwerengero cimeneci si cacikulu. Dzira limodzi, supuni ziwiri za nsinjiro ndi phala la mgaiwa zafika kale pafupi ndi muyeso umenewo, ngakhale mkaka wa m'mawere usanawerengedwe. Supuni imodzi yodzaza ya kapenta wosinja imafanana pafupifupi ndi dzira limodzi. Nyemba, khobwe ndi soya zili ndi lysine wambiri amene cimanga cisowa, motero zikasakanizidwa ndi cimanga zimakwaniritsana.

Cinthu cina cimene cimaiwalika ndi kucepa kwa mimba ya mwana. Mwana wa caka cimodzi amakhuta ndi kapu imodzi yokha. Phala lamadzimadzi, lija lomwetsa ndi dzanja kapena ndi kapu, magawo asanu ndi anai mwa khumi ndi madzi. Mwana amamwa, mimba imatuluka, iye amagona, ndipo amai ace amakhutira kuti wadya. Koma cimene calowa m'thupi ndi madzi ofunda okhala ndi ufa pang'ono. Phala la mwana liyenera kukhala lolimba ndithu, losayenderera supuni ikapendekeka, ndipo m'supuni iliyonse mukhale cina coposa ufa.

Phunziro la ku Kasanda

Ku Kasanda, kumene matumba aja amathera, nkhani ya cakudya ca mwana ili ndi kulemera kwina kumene anthu a kumudzi ayenera kukudziwa. Kabwe, imene kale inali kuchedwa Broken Hill, inakoka anchito a mitundu yambiri ku mgodi ndi ku njanji, a kum'mawa omwe, ndipo adzukulu ao ali komweko kufikira lero. Komboni ya Kasanda ili pafupi ndi mgodi wa mtobvu ndi zinki umene unatsegulidwa m'caka ca 1906 ndi kutsekedwa m'caka ca 1994. Mgodi unatsekedwa, koma mtobvu unatsala m'nthaka ndi m'milu ya zotsalira, ndipo mphepo imaulutsira fumbi lace ca ku Kasanda ndi Makululu. Akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi anzao a ku Japan anapima magazi a ana 246 osakwana zaka zisanu ndi ziwiri a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Zotsatira zimene anafalitsa m'caka ca 2015 zinaonetsa kuti mwana aliyense mwa iwo anali ndi mtobvu wopitirira muyeso umene madotolo amayambira kuda nkhawa.

Mtobvu umaononga ubongo wa mwana, umacepetsa magazi ndi kubweza m'mbuyo kukula kwace. Bungwe la World Health Organization linena kuti mwana wamng'ono akameza mtobvu, thupi lace limaulowetsa m'magazi kanai kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Apa ndi pamene njala ndi mtobvu zimagwirana manja. Mwana wa m'mimba mopanda kanthu amalowetsa mtobvu wambiri kuposa amene wadya. Thupi losowa aironi ndi kashiamu limatsegula makomo a m'matumbo kuti likokere zimene lisowazo, ndipo mtobvu umalowera pa makomo omwewo. Mwana wocepa magazi ndiyenso amakonda kudya dothi. Cotero mwana wa ku Kasanda amene wayamba tsiku ndi zigolo, madzi a shuga aja, kenaka nkukakwawa pabwalo la fumbi, ali pa ngozi ziwiri nthawi imodzi.

Kapenta wa ku Mpulungu kapena wa ku Siavonga amadyedwa ndi minga yace yomwe, ndipo m'mingamo ndimo muli kashiamu. Nsomba za ku Lukanga, nyemba, mazira, mkaka ndi ndiwo zamasamba zimathandiza kutseka makomo aja. Koma pano payenera kunenedwa zoona: cakudya sicicotsa mtobvu umene walowa kale m'thupi, ndipo sicingalowe m'malo mwa kupima magazi, kulandira mankhwala ndi kukonza nthaka. Nchito yochedwa ZMERIP, imene Boma linagwirizana ndi World Bank m'caka ca 2016, inapima ana ndi kupereka mankhwala m'makiliniki a m'makomboni amenewa, koma nchito yokwirira nthaka yoipa ndi kuletsa fumbi iyenera kupitirira mpaka mwana aliyense atakhala ndi bwalo losewererapo popanda mantha. Cimene cakudya cingacite ndi kucepetsa poizoni wolowa lero ndi kulimbitsa thupi lolimbana naye.

Makolo a ku Kasanda ayeneranso kusamala kumene cakudya cacokera. M'caka ca 2013 akatswiri omwe aja anafalitsa kuti nkhuku zongoyendayenda pafupi ndi mgodi zinali ndi mtobvu wambiri m'thupi, makamaka m'ziwalo za m'kati monga ciwindi, cifukwa zimatola cakudya m'dothi. Ndiwo zolimidwa pa nthaka yoipayo nazonso zimagwira fumbi. Zomanga thupi zocokera kutali ndi mgodi ndizo zodalirika. Kathumba ka nyemba, khobwe kapena nsawawa kamene agogo a kumudzi amatumiza pa basi kwa mdzukulu wa ku Kabwe ndi mphatso yoposa nsaru yatsopano. Pakhomo cakudya cibvundikiridwe, ufa ndi kapenta zisayanikidwe pansi, ndiwo zitsukidwe bwino, mwana akhale pa mphasa, ndipo manja ace asambitsidwe ndi sopo asanadye.

Kadyetsedwe koyenera

Malangizo a azaumoyo ngosabvuta kutsata, kumudzi ndi ku komboni komwe. Mwana ayambe kuyamwa m'ora loyamba atangobadwa, ndipo mkaka woyamba wacikasu uja usafinyidwire pansi, pakuti ndiwo umamteteza ku matenda. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ayamwe bere lokha, popanda madzi, phala kapena mankhwala azitsamba. Akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi ayambe kudya, koma bere lipitirire kufikira zaka ziwiri kapena kuposa. Wa miyezi 6 kufikira 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku, kuyambira supuni ziwiri kapena zitatu mpaka kufika theka la kapu. Wa miyezi 9 kufikira 23 adye katatu kapena kanai, ndipo pakati pace apatsidwe nthoci, papaya, mango, mbatata kapena dzungu.

M'phala la m'mawa muthiridwe nsinjiro. M'phala la masana kapena m'nsima yofewa muthiridwe kapenta wotsukidwa, wokazingidwa pang'ono, wosinjidwa ndi kusefedwa. Tsiku lina muswedwe dzira phala lili pamoto mpaka lipse bwino; tsiku lina nyemba zophika zicotsedwe makoko ndi kupotedwa. Supuni yaing'ono ya mafuta ophikira imaonjezera mphamvu popanda kudzaza mimba. Nkhwani, bonongwe ndi kholowa zotendera zisinjidwe kuti mwana adye masamba enieniwo, osati msuzi wokha. Pa nyengo yace ngumbi ndi mphalabungu, zimene ku Kabwe amazicha finkubala, zikasinjidwa ndi cakudya comanga thupi cosafuna ndalama. Wolima soya aziwiritse kapena kuzikazinga bwino, pakuti zosapsa zimabvutitsa m'mimba, kenaka asakanize mbale imodzi ya soya ndi mbale zinai za cimanga popita ku cigayo. Ku Malawi phala lotere amalicha Likuni Phala, potsata dzina la cipatala ca Likuni pafupi ndi Lilongwe kumene linayambira. Nsawawa zathunthu asapatsidwe mwana wamng'ono, cifukwa zingamtsamwe.

Pa nsawawa pali cizolowezi cina coipa cimene ciyenera kutha. Posankha zogulitsa, zazikulu ndi zosalala zimapita m'thumba la wogula, ndipo zofota, zobvunda ndi zacuku zimatsala pakhomo kuti zisinjidwe nsinjiro. Cuku cimeneci cimabala poizoni wochedwa aflatoxin, amene samatha ndi kukazinga kapena kuphika, amaononga ciwindi, ndipo ofufuza amamgwirizanitsa ndi kupinimbira kwa ana. Mu August 2024 Unduna wa za Umoyo unacenjeza dziko lonse kuti poizoni yemweyu anapezeka m'ufa wina wa cimanga, agalu pafupifupi 400 atafa. Nsawawa za mwana zikhale zosankhidwa bwino koposa zonse, zoumitsidwa mokwanira ndi kusungidwa ndi makoko ace pa malo ouma. Zobvunda zitayidwe.

Miyambo ina iunikidwenso

Makolo akale anali ndi nzeru zambiri pa kulera ana. Mwambo wakuti mwana ayambe wakula mng'ono wace asanabwere unapulumutsa miyoyo yosawerengeka, ndipo azaumoyo a lero abvomerezana nao. Koma pali miyambo ina imene imalanda mwana cakudya cace. M'nyumba zambiri nyama ndi nsomba zimayamba kupita ku mbale ya atate, ndipo mwana amangopatsidwa msuzi, cikhalireco zomanga thupi zili m'mnofu, osati m'msuzi. Munthu wamkulu anamaliza kale kukula. Amene ali kumanga thupi ndi mwanayo. Kwina mwana wa caka cimodzi amadyera mbale imodzi ndi akulu ace, ndipo pamene iye ali kulimbana ndi mbamu yoyamba, ndiwo zimakhala zitatha. Mwana wamng'ono akhale ndi mbale yaceyace, ndipo munthu wamkulu akhale naye pansi kumnyengerera kufikira atamaliza.

Ena amaletsa ana mazira ponena kuti amabweretsa khunyu kapena amacedwetsa kulankhula. Zimenezi si zoona. Dzira lophika bwino ndi cimodzi ca zakudya zabwino koposa kwa mwana wa miyezi isanu ndi umodzi kupita m'tsogolo. Enanso amati mai akaima, mkaka wace waonongeka, ndipo mwana amacotsedwa ku bere tsiku lomwelo natumizidwa kwa agogo. Mkaka wa mai woyembekezera suonongeka. Cimene cimadwalitsa mwana ndi kulandidwa bere mwadzidzidzi, kusiyana ndi amai ace, ndi kugwera pa phala lopanda kanthu. Iyi ndiyo nthenda yomwe ija imene a mtundu wa Ga anaipatsa dzina.

Mwana akayamba kutupa mapazi ndi nkhope, m'midzi yambiri amati ndi tsempho kapena mdulo, ndipo masiku amatha akulu ali kufunsana kuti walakwa ndani pakati pa atate ndi amai. Nkhani za m'banja zingathe kukambidwa pa nthawi yace, koma mwana wotupa sangadikire. Ayambe wafika ku cipatala, mlandu ukambidwe pambuyo. Pepani sapoletsa cilonda.

Zizindikiro zosayenera kuzengereza

Kusowa kwa zakudya kumaoneka m'njira zitatu. Pali kwashiorkor, imene imatupitsa mapazi, miyendo ndi nkhope, tsitsi limafiira ndi kusosoka, khungu limasupuka, ndipo mwana amakhala wokhumata, wokana cakudya. Kutupaku kumanyenga ena kuti mwana wanenepa, cikhalireco ndi madzi. Pali marasimasi, imene imaondetsa mwana mpaka nthiti kuwerengeka ndi nkhope kuoneka ngati ya nkhalamba. Ndipo pali kupinimbira, kumene sikupfuula konse: mwana amasewera ndi anzace, koma msinkhu ndi nzeru zimatsalira, ndipo zotsatira zace zimadzaoneka ku sukulu ndi pa nchito. Zimene zatayika m'zaka ziwiri zoyamba nzobvuta kuzibwezera. Akale anati m'mera mpoyamba.

Kholo lililonse lingathe kupima kutupa pakhomo. Likanikize zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana ndi kuwerenga mpaka katatu pang'onopang'ono. Pakatsala maenje m'mapazi onse awiri, mwanayo apite ku cipatala tsiku lomwelo. Ku kiliniki anamwino amapimanso mkono ndi kalamba ka mitundu itatu. Kwa mwana wa miyezi 6 kufikira zaka zisanu, mkono wosafika masentimita 11.5 uli pofiira, ndiyo ngozi yaikuru; pakati pa 11.5 ndi 12.5 ndi pacikasu, ndilo cenjezo. Khadi la sikelo nalonso limalankhula: mzere ukaleka kukwera kwa miyezi iwiri, cinacace calakwika ngakhale mwana aoneke wosangalala. Mwana wodwala apitirize kuyamwa ndi kudya pang'onopang'ono, ndipo akacira apatsidwe cakudya coonjezera kwa masabata awiri. Katemera wa cikuku, vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba zimene zimaperekedwa pa sabata ya umoyo wa ana zisamphonye.

Mwana amene wafika kale potupa kwambiri asakakamizidwe nyama ndi nyemba pakhomo poganiza kuti acira msanga, pakuti thupi lofooka silingazilandire. Ku cipatala amayamba ndi mkaka wapadera wochedwa F-75, kenaka amampatsa ciponde ca m'timapaketi. Ciponde cimeneci capulumutsa ana ocuruka mu Africa monse. Koma atate aliyense adziwe cimene cili m'kati mwace: nsawawa zosinja, mkaka waufa, mafuta, shuga ndi mavitamini. Nsawawa zimene zinacoka pakhomo pa mtengo wocepa mu May zimabwerera mu January zili mankhwala, mwana atagona pa bedi la cipatala, amai ace atasiya munda wosapalira.

Udindo wa onse

Palibe amene aletsa mlimi kugulitsa mbeu zace. Ndalama za sukulu, feteleza ndi sopo zimacokera m'matumba omwewo. Cofunika ncakuti gawo la mwana lipatulidwe wogula asanafike. Masamu ace ngosabvuta. Supuni ziwiri za nsinjiro pa tsiku ndi pafupifupi magalamu 20, ndipo pa caka cathunthu safika makilogalamu 8. Thumba limodzi la makilogalamu 50 a nsawawa zosenda lingadyetse ana asanu ndi mmodzi kucokera masika ano kufikira masika ena. Banja limene lagulitsa matumba khumi silingasauke cifukwa cosunga theka la thumba, pamodzi ndi ndowa ya nyemba ndi nkhuku ziwiri zoikira mazira a mwana. Nalonso banja la ku Kasanda lingathe kupatula ndalama imene imathera pa mowa, pa tiyi wopanda mkaka ndi pa tokometsera m'kamwa ta m'mapepala, nkugulira kamulu ka kapenta kosinjira mwana yekha.

Cilala ca nyengo ya 2023 ndi 2024 cinapereka phunziro lowawa. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti dziko lili pa tsoka, mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi a cimanga ataonongeka. Banja lodalira cimanga cokha limagwa naco pamodzi. Khobwe, nzama ndi nandolo zimapirira dzuwa, zimabwezera conde m'nthaka, ndipo ndizo zomanga thupi za nyengo ya njala. Alangizi a zaulimi ayenera kulankhula za mbeu zimenezi ndi mphamvu yomwe amalankhulira za cimanga.

Boma linakhazikitsa bungwe la National Food and Nutrition Commission m'caka ca 1967, ndipo m'caka ca 2013 linayambitsa nchito yoyang'ana masiku 1,000 oyamba a moyo wa mwana, kuyambira pamene mai waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Lingathe kumanga makiliniki, kulemba anamwino, kugula ciponde ndi kukonza nthaka ya ku Kasanda, ndipo liyenera kutero mosatopa. Koma Boma silingalowe m'nyumba iliyonse kukatakasa phala. Nchito imeneyo ili m'manja mwa amai, atate ndi agogo. Mafumu ndi anyakwawa, amene mau ao amamveka pa bwalo, afunse anthu ao nthawi ya masika kuti mwana amsungira ciani. Abusa a mipingo ndi magulu a azimai anene za nsinjiro monga amanenera za ukhondo. Azibambo apite nao ku sikelo kamodzikamodzi, akadzionere okha kumene mzere wa mwana wao ulowera.

Masika akudza, ogula adzapacikanso masikelo ao m'mbali mwa mseu, ndipo anamwino adzapacika yao pa khonde la kiliniki. Mlimi wanzeru adzafika pa sikelo ya wogula atasiya kale gawo la mwana m'nkhokwe, ndipo ngati ali ndi mdzukulu ku Kasanda, atamanganso kathumba kena kokwezera basi.